Madayisi ndi Khutu la a Jobson

Lolemba, 5 Febuluwale 1996

Andigoneka lero, wodi ya amuna a chifuwa chachikulu. Pa khadi alemba Titus Sakala, zaka 42, mphunzitsi. M'makhololo mwanga mwapezeka tizilombo, ndiye adokotala akuti ndikhala muno miyezi iwiri: jakisoni m'mawa uliwonse, mapiritsi ndisanamwe phala. Sikelo yati 49. Chaka chatha pa sikelo ya fodya ya alamu anga ndinali 61. Mkazi wanga Felista wandisiyira bulangete ndi kapu n'kubwerera ku Kapondo, ana ali okha. Kalasi yanga ya Sitandade 5 ayiphatikiza ndi Sitandade 6 pansi pa mtengo. Sindikufuna kuganiza za phokoso lake.

Lachitatu, 7 Febuluwale

Jakisoniyu muno amamutcha sitirepito. Amapweteka mpaka m'mwendo. Mkodzo wafiira monga anachenjezera a nesi Benedicta, akuti ndi mapiritsi, ndisaope.

Kumanja kwanga kuli a Jobson a ku Kamwendo, dalaivala wa lole yonyamula azungu oyendayenda kuchokera ku Nairobi mpaka ku Joni. Anatsika pa boda magazi ali m'kamwa, anditsogolera muno ndi sabata. Kumanzere kuli Mateyo, bambo wa ana awiri, amene amawolotsa shuga ndi sopo pa njinga kupita ku Zambia podutsa njira zamadulira. Kutsogolo kwathu kuli a Pius, mkulu wa mpingo ku Ludzi. Pakona pali a Vitus. Iwowa salankhula, amangopuma mokoka.

Loweruka, 10 Febuluwale

Adokotala aima nthawi yaitali pa bedi la a Vitus, kenako auza a nesi kuti asiye kuwabaya. Wodi yonse inamva.

Lachiwiri, 13 Febuluwale

A Vitus atisiya masana, nthawi ya alendo. Atawatulutsa, Mateyo anati, “Ukangomva kuti akusiya kukubaya, itanitsa abale.” Palibe anamutsutsa. Ine sindinadye.

Lachinayi, 15 Febuluwale

Wodi inali zii kuyambira dzana. Masana a Jobson anatulutsa kathumba pansi pa pilo n'kukhuthulira pa tebulo lodyera timadayisi tachilendo, tina ta makona, kena ka mbali makumi awiri. Anawapatsa ndi azungu awo. Akuti akamadikira mapepala pa boda ankasewera tsiku lonse pamthunzi wa lole.

Masewerawa alibe bolodi ngati bawo, alibenso makadi. Mmodzi amasimba nkhani, enafe aliyense ali ndi munthu wake m'nkhanimo ndipo amanena chimene munthuyo achite. Chikakhala chovuta, monga kudumpha mtsinje kapena kunamiza mlonda, umaponya dayisi, nambala ndiyo imaweruza.

Tisanayambe anang'amba katoni ya mankhwala n'kujambulapo timabokosi, mizere itatu ya timabokosi titatutitatu.

“Aliyense asankhe mtima wa munthu wake,” anatero. “Mafunso ndi awiri. Kodi amasunga lamulo ndi lonjezo, kapena amachita zomukomera pa nthawiyo? Kodi amafunira anzake zabwino, kapena amangoona za iye yekha? Pakati palinso malo, ngati mukuopa m'mbali.”

“Ine mundipatse woipa, wosamva lamulo,” anatero Mateyo. “Mbava.”

“Iwe, ukudwala chonchi n'kumasankhanso zoipa?” anafunsa a Pius.

“Ndi masewera, bambo. Kunjaku ndatopa n'kupepesa apolisi.”

A Pius anatenga wosunga lamulo wapakati, mthenga wa khoti. Ine ndinaloza pakona ya pamwamba, wabwino ndiponso wosunga lamulo. A Jobson anati ameneyo ndi msilikali wa lumbiro. Akagwira wodwala amachira, koma akangonama kapena kuphwanya lonjezo mphamvuyo imamuchoka.

“Bokosi limenelo ndi lopweteka, aphunzitsi. Azungu ambiri ankalithawa.”

Ndinati ndi mmene ndimakhalira kale, sizindivuta.

Lachitatu, 21 Febuluwale

Lachitatu la Phulusa. Abambo mfumu anabwera kudzatipaka phulusa, anaima pakhomo, ife n'kumapita mmodzimmodzi. Sikelo 50. Thukuta la usiku lachepa.

A Pius akuti m'nyengo ya Lenti mbava ya Mateyo ilape, apo ayi masewera aime. A Jobson anayankha modekha.

“Popanda timabokositi, a Pius, aliyense amakhala wabwino pamene ubwino uli wosavuta, n'kukhala woipa pamene palibe womuona. Nkhani imafa. Bokosi limamukakamiza munthu kusenza zimene anasankha yekha.”

A Pius anaganiza pang'ono, kenako anati ulaliki wina wa Lamulungu sufika pamenepo. Tinasewera.

Lachisanu, 23 Febuluwale

M'nkhani tinagwira chigawenga chimene chimaba ng'ombe. Chinagwada, msilikali wanga anachilonjeza moyo chikatiuza kumene kuli khola. Chinatiuza. Mateyo anati tichiphe basi, chatha ntchito. Ndinakana, ndinachimasula. Chinabwera ndi anzake n'kutentha nkhokwe za mudzi wonse. Ndinakwiya madzulo onse, munthu wamkulu, chifukwa cha nkhokwe zimene kulibe.

Mateyo anaseka mpaka chifuwa chinamugwira. Anatsokomola nthawi yaitali, tonse tinasiya kuseka.

Lachiwiri, 27 Febuluwale

Titabayidwa, a Jobson anandiitanira pakhonde kukawothera dzuwa. Ndinaona kuti akuyenda atagwira khoma.

“Aphunzitsi, lonjezani kaye kuti simuuza munthu.”

Ndinalonjeza ndisanamve nkhani yake.

Akuti m'makutu mwawo mukulira ngati nyenje, osasiya. Akatembenuza mutu pansi pamapendekeka. Zayamba sabata yatha.

Ndinawakumbutsa kuti tsiku logonekedwa a nesi amati chilichonse chachilendo tizinena.

“Ndikanena asiya kundibaya. Munawaona a Vitus. Wangotsala mwezi umodzi, ndipirira. Abwana akuti lole indidikira mpaka Epulo.”

Ndinafunsa chifukwa chake auza ine.

“Mateyo pakamwa pake mpotseguka. A Pius akanena chifukwa ndi lamulo la chipatala. Inu ndakuonani mmene mumasewerera. Munalola mudzi kupsa koma mawu anu simunawabweze.”

Lachinayi, 29 Febuluwale

A nesi akamafika pa bedi lawo ndi jakisoni ndimayang'ana kudenga.

Loweruka, 2 Malichi

Magazi m'makhololo, pang'ono. Adokotala akuti zimachitika, ndigone chammbali, ndisayendeyende.

Lolemba, 4 Malichi

Ndilibe mphamvu. Magazi asiya.

Lachiwiri, 5 Malichi

Felista wabwera ndi chimanga chachiwisi chophika ndi maungu. Ndinadya dzungu limodzi, lina ndinagawira anzanga. Akuti fodya wa alamu wayamba kuthyoledwa, mwana wathu Favour wachira chimfine. Pomuperekeza pakhomo ndinamufunsa, osatchula dzina, zoti munthu atani ngati analonjeza kusunga chinthu chimene chingamuwononge mwini wake.

“Inu mwabwera kudzachira,” anatero. “Simunabwere kudzasungira anthu zinsinsi. Taonani mmene maso alowera.”

Lachitatu, 6 Malichi

Tinasewera. M'nkhani alonda anatizinga pamlatho. Mateyo, amene amakhala kumanzere kwa a Jobson, anati, “Ine ndikuthawa.” A Jobson anati, “Chabwino, ponya dayisi tione ngati wamubaya.” Mateyo anabwereza. A Jobson anaseka n'kunena kuti amamuyesa, koma kenako anasuntha mpando kuti tonse tikhale kumanja kwawo.

Iwo atapita kubafa, Mateyo anandiyandikira.

“Aphunzitsi, adalaivala akugontha, eti?”

Ndinayamba kusonkhanitsa madayisi, iye anapitiriza.

“Ine sindinena. Akasiya kuwabaya n'kumwalira, mlandu ukhala wa wonenayo.”

Lachisanu, 8 Malichi

Ndinapeza a nesi Benedicta akuwiritsa masingano m'kachipinda kawo. Ndinafunsa ngati sitirepito angachititse munthu chizungulire ndi kulira m'makutu. Anasiya zimene amachita.

“Ndi inu, a Sakala?”

“Ayi.”

“Ndani?”

“Ndangofunsa.”

Anandiyang'ana nthawi yaitali. “Jakisoni ameneyu akayamba kudya khutu sabweza. Tsiku lililonse amachotsako kanthu. Munthuyo anene lero.”

Ndinafunsa za a Vitus. Akuti a Vitus anabwera mochedwa, impso zitatha kale, ndipo jakisoni akanangowafulumizitsa. Wina akasiyitsidwa jakisoni amapatsidwa mankhwala ena.

Ndinawakhulupirira ndili m'kachipindamo. Nditabwerera pa bedi ndinayamba kukayika. Nesi angauze wodwala kuti mnzako tinamutaya?

Loweruka, 9 Malichi

Ndawauza a Jobson zonse zimene a nesi ananena. Anafunsa funso lomwelo limene ndinadzifunsa dzulo. Kenako anati, “Mwayamba kale kuzungulira, aphunzitsi. Lonjezo silikhala ndi khomo lakumbuyo.”

Ndinawapempha kuti andimasule. Anakana.

Lamulungu, 10 Malichi

Nkhani imene a Jobson anatisimbira m'masewera lero inali yonse ya anthu ophwanya malonjezo. Woyendetsa bwato amene anaulula chinsinsi cha mnzake anamira. Mayi wina anauma lilime. Aliyense amene msilikali wanga anakumana naye ankamufunsa ngati mawu ake akadali olimba. A Pius anasangalala, akuti nkhani yaphunzitsa. Ine dayisi inkandiphonyoka m'manja.

Lolemba, 11 Malichi

A Jobson agwa kubafa m'mawa, ang'ambika pamwamba pa diso. Anauza a nesi kuti aterereka pa sopo. A nesi anasoka balalo, maso awo ali pa ine. Anawafunsa ngati akumva chizungulire, iwo anati ayi. Jakisoni anabayidwa monga mwa masiku onse.

Madzulo ndinawaitana dzina ndili kumanzere kwawo, pafupi kwambiri. Sanatembenuke. Ndinaitananso. Anapitiriza kupinda malaya.

Ndikanena, mwina ndawachotsera mankhwala amene akuwasunga. Ndikapanda kunena, ndikuonerera munthu akugontha.

Lachiwiri, 12 Malichi

Ndilembe mmene zinachitikira.

A nesi anafika pa bedi la a Jobson, anakoka mankhwala m'kabotolo, a Jobson anagona chafufumimba n'kutsitsa buluku. Thonje litangokhudza khungu ndinalankhula.

“A nesi, musawabaye. Makutu awo akulira kuyambira mwezi watha. Kumanzere sakumva. Dzulo sanaterereke, ndi chizungulire.”

Mawu anatuluka aakulu, a m'kalasi. Wodi yonse inatembenuka. A Jobson anamva chifukwa, ngakhale ndimagona kumanzere kwawo, ndinali nditazungulira bedi. Anakweza buluku pang'onopang'ono, anakhala tsonga.

“Mwandipha, aphunzitsi,” anatero, osakweza mawu.

Adokotala anabwera. Ananong'oneza kumbuyo kwa khutu lililonse, anawayendetsa maso ali otseka. A Jobson sanathe mapazi atatu, a nesi anawawakha. Jakisoni wasiyidwa. Awonjezera piritsi lina, pa khadi alemba ethambutol. Adokotala anafunsa kuti zinayamba liti, atamva anangopukusa mutu.

Lachinayi, 14 Malichi

A Jobson agona choyang'ana kukhoma. Phala anamwa atauzidwa kawiri. Kathumba ka madayisi kabwerera pansi pa pilo.

Mateyo ndi a Pius anakangana monong'ona.

“Msilikali wa aphunzitsi watha mphamvu,” anatero Mateyo. “Waphwanya lonjezo.”

“Lamulo la chipatala limati tizinena. Ndiye kuti asunga lamulo.”

“Nanga lonjezo si lamulo?”

“Ndi lamulo, koma laling'ono.”

“Anakuuzani ndani kuti ndi laling'ono? Mwini wake amati ndi moyo wake.”

Anandifunsa kuti ndiweruze. Ndinati pa katoni paja palibe bokosi la munthu wogwidwa ndi malamulo awiri, lililonse likumukokera kwake. Mateyo anati ndiye chifukwa chake iye anasankha mbava, imagona tulo.

Lolemba, 18 Malichi

A Jobson atentha thupi. Akunjenjemera, akusanza. Atuma munthu ku Kamwendo kukaitana akazi awo. Wodi yonse ikudziwa tanthauzo lake, ndipo palibe akundiyang'ana.

Lachiwiri, 19 Malichi

Thupi likadali moto. Atenga magazi pachala. Akazi awo, mayi Molly, afika masana mwana ali kumbuyo, mwanayo anamusiya panja ndi mlongo wawo. Anapereka moni bedi lililonse. Pa langa anadutsa.

Sikelo 52, koma sindinasangalale.

Lachitatu, 20 Malichi

Ndi malungo. Awapatsa fansida. A nesi pondibaya anati, “Udzudzu suona kuti uyu ali pa jakisoni kapena ayi, a Sakala. Idyani.” Ndadya.

Loweruka, 23 Malichi

A Jobson akhala tsonga, adya mbatata. Kutentha kwatha. Sakutsokomola kwambiri. Mayi Molly pochoka anaima pa bedi langa n'kusiya nthochi ziwiri. Amuna awo anaona, anatembenukira kukhoma.

A Pius atuluka lero, makhololo awo ayera. Anapemphera pakati pa wodi, anatchula aliyense dzina. Anandigwira dzanja n'kunena kuti mthenga wawo wa khoti akanachita zomwezo tsiku loyamba, osavutika mtima. Sindikudziwa ngati amanditonthoza.

Lachitatu, 27 Malichi

Atipatsa timakapu ta makhololo, ine, a Jobson ndi Mateyo. A Jobson amayenera kutuluka sabata ino koma awasunga kuti aone piritsi latsopanolo. Zotsatira Lolemba. Ngati mwawo mukadali tizilombo, sindikudziwa kuti ndidzayang'ana kuti.

Lachisanu, 29 Malichi

Mateyo anapempha masewera, akuti kudikira kukumupweteka mutu. A Jobson anatulutsa madayisi, koyamba chiyambire tsiku lija. Anasimbira Mateyo yekha, mbava yake ikuthyola nyumba ya wamalonda. Pakati pa nkhani Mateyo anafunsa kuti nanga msilikali ali kuti.

“Ali panja pa mudzi,” anatero a Jobson. “Sindinaganize kuti ndimuika bokosi liti.”

Ndinakhala pa bedi langa n'kumamvera. Mateyo ankachita kukuwa kuti amveke.

Lolemba, 1 Epulo

Adokotala anayamba ndi ine. Mwayera. Ndituluka Lachinayi, mapiritsi ndikapitiriza kunyumba miyezi isanu ndi umodzi.

Anapita pa bedi la a Jobson, anaima kumanja kwawo. Mwayeranso. Ndinagwira chitsulo cha bedi.

Kenako anawauza za makutu. Lakumanzere lafa, silidzabwerera. Lakumanja likumva koma osati ngati kale. Chizungulire chidzachepa pang'onopang'ono, thupi limazolowera, koma lole yonyamula anthu asayendetsenso. A Jobson anafunsa ngati pali mankhwala ku Lilongwe. Adokotala anati palibe.

Mwa Mateyo mukadali tizilombo. Akhala mwezi wina. Anaseka, anati njinga yake ipumeko, kenako anafunda bulangete mpaka kumutu masana onse.

Lachinayi, 4 Epulo

Sikelo 54. Atipatsa mapiritsi ndi makadi a kuchipatala chaching'ono. Felista afika masana. Mayi Molly atumiza uthenga kuti mwana wadwala, amuna awo akwere minibasi, iwo akawadikira pa siteji ya Kamwendo.

A Jobson ananyamula chikwama, anatsazika Mateyo, anatuluka. Ndinawayang'ana pawindo. Pakhonde ankagwira khoma, koma khoma litatha anaima. Kuchokera pamenepo mpaka pamsewu ndi bwalo lopanda chogwira, matope a mvula ya dzulo. Wa njinga ya kabaza anawaitana, iwo anapukusa mutu. Anaponda kamodzi, anapendekeka, anabwerera kukhoma.

Ndinatuluka. Ndinatenga chikwama, ndinawapatsa mkono. Anauyang'ana, kenako anaugwira.

“Bwerani mbali iyi,” anatero. “Ukoko sindikumva.”

Ndinazungulira. Tinayenda pang'onopang'ono, ine ndikupuma movutikira, iwo maso ali pansi. Titadutsa geti anafunsa.

“Tsiku lija pakhonde, mukanakanena tsiku lomwelo, khutu likanatsala?”

“Adokotala akuti mwina.”

Tinayendanso.

“Ndinakuletsani ndine.”

“Inde.”

“Usiku ndimakwiya kuti munanena. Kukacha ndimakwiya kuti munachedwa. Sindinakukhululukireni, aphunzitsi, ndisakunamizeni. Sindikudziwa kuti ndikhululuke chiti.”

Ndinati ndamva.

Minibasi inafika. Kondakitala anawalozera mpando wakumbuyo, iwo sanamve. Ndinamuuza kuti awaike kutsogolo, azilankhula nawo kumanja, ndipo pa Kamwendo asawatsitse mpaka mayi wobereka mwana atafika pachitseko. A Jobson anakwera, anandisiya mkono atakhala kale pampando. Sanabayibitse.

Ndabwerera ku wodi kudikira Felista. Mateyo akugona. Pamkono panga pali zizindikiro zinayi za zikhadabo za a Jobson, china chikutuluka magazi pang'ono.